Akwati amauma gwa ndikawalozetsa kamera: ndikulakwitsa pati?

"Akuluakulu, ndine mnyamata wa zaka 24, ndimakhala mu Lilongwe. Ndinayamba kujambula maukwati chaka chatha ndipo pofika pano ndajambula maukwati 6. Kamera ndili nayo yabwinoko, ndili ndi lenzi ya 50mm ndi ina ya 18-55mm imene inabwera ndi kamerayo. Zithunzi za m'tchalitchi ndi za ku holo zimatuluka bwino, koma ikafika nthawi yojambula akwati awiriwo paokha, zonse zimandisokonekera. Mkwati amaima njo ngati ali pa perete, mkwatibwi amangoti zyoli, ndikati asekerere amangoonetsa mano koma nkhope ili gwa. Mkwatibwi wa mwezi watha atalandira zithunzi anandiuza kuti sakudziona iyeyo. Mawu amenewo anandipweteka. Mu Okutobala muno ndili ndi ukwati wina. Kodi ndikulakwitsa pati?"

Achimwene, choyamba mtima ukhale m'malo. Zimene mwalembazi aliyense wojambula maukwati anadutsamo, ndipo ambiri zikawachitikira amathamangira kukakongola ndalama kuti agule lenzi ina, poganiza kuti vuto ndi chipangizo. Inu mwaona nokha kuti vuto lili pa anthu amene aima patsogolo panu, ndipo pamenepo mwaona bwino. Lenzi yanu ya 50mm ikukwana kujambula akwati mpaka iwo eni kugwetsa misozi poona zithunzi. Musagule kanthu mwezi uno.

Chimene ndaphunzira pa zaka zonse ndakhala ndikuyenda m'maukwati ndi ichi: munthu samasuka chifukwa choti wauzidwa kuti amasuke. Mukanena kuti "masukani, amayi," iye amamva kuti waoneka womangika, ndiye amayamba kudziyang'anira, mapewa n'kukwera kufika m'makutu. Munthu amamasuka mukamuchotsera zimene zamumanga. Choncho ntchito yanu ndi kudziwa chimene chamanga akwati anu, ndipo kawirikawiri kamera imakhala yomalizira pa mndandanda.

Taganizani tsiku lawo mmene limayambira. Mkwatibwi wadzuka 4 koloko m'bandakucha kuti akonzedwe tsitsi ndi kudzoledwa kumaso. Sanadye kanthu, kapena wangomwa tiyi wa m'kapu ataimirira, poopa kudetsa diresi. Nsapato ndi zatsopano, zikumuluma. Diresi ndi lolemera, lamuthina pachifuwa. Masabata apitawo wakhala akuthamanga pakati pa telala, misonkhano ya komiti ndi masitepe. Mkwati naye mutu uli kwina: ndalama ya holo sanamalize, galimoto ina ya operekeza yafera panjira, ndipo mumtima akuwerengera ngati perekani-perekani abweze zimene zalowa. Anthu otere mwawatulutsa m'tchalitchi cha m'ma 11 koloko, mwawaimika padzuwa, kumbuyo kwanu kwaima anthu makumi atatu ndi mafoni awo, ndiye mukuti aoneke ngati ali awiriwiri kunyanja. Sizingatheke, ndipo si kulakwa kwawo.

Chachiwiri ndi chakuti ambiri a ife kujambulidwa tinakuphunzirira pa zithunzi za ziphaso. Chiphaso cha mayeso, pasipoti, chiphaso cha unzika chimene dziko lonse tinafoletsa mu 2017: paliponse lamulo linali limodzi, imani mowongoka, yang'anani kuno, osaseka. Thupi linasunga zimenezo. Foni ya mnzake samaiopa chifukwa ndi yamasewera, koma akaona kamera yaikulu yakuda, thupi limakumbukira chiphaso n'kuima njo lokha.

Chachitatu ndi chimene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa achinyamata ambiri amene anaphunzira ntchitoyi pa YouTube amachiphonya. Kwathu kuno mkwatibwi kuwerama ndi ulemu. Walangizidwa, amayi ake aang'ono ndi azakhali amuuza kuti tsiku limeneli asakhale wa maso mwaa, asaseke mokweza ngati wakhala akudikirira kuthawa kwawo. Mkwati naye sanagwirepo mkazi m'chiuno pamaso pa apongozi ake. Inu mukubwera ndi kaimidwe kamene munaona pa Instagram, ka anthu a kwina amene kupsompsonana pamaso pa makolo si nkhani, n'kumawauza kuti achite zomwezo pamene amalume aima apo. Ine zinandichitikira ndikuyamba kumene, m'munda wina wa maluwa ku Zomba. Ndinauza mkwati kuti ampsompsone mkazi wake patsaya, osadziwa kuti bambo a mkwatibwi aima kumbuyo kwanga. Mtsikanayo anangoti zyoli, ndipo nkhope yake sinatsegukenso mpaka tinachoka pamalopo. Kunyumba nditaona zithunzi ndinazindikira kuti ndinamuchititsa manyazi pamaso pa bambo ake pa tsiku lake lomwe. Kuyambira pamenepo sindijambula akwati paokha pali makolo pafupi.

Ndiye poti ukwati wanu uli pafupi, yambani lero, tsikulo lisanafike. Kumanani nawo awiriwo, kamera mutaisiya m'chikwama. Afunseni kuti anakumana bwanji, ndani anayamba kulankhula mnzake, amaitanana mayina anji akakhala awiri. Mvetserani amene amalankhula kwambiri ndi amene amangomwetulira, chifukwa pa tsikulo wolankhulayo ndiye adzakuthandizeni kumasula mnzake. Afunseni mosabisa zimene safuna: kodi kupsompsonana pa chithunzi ali nako bwino, kodi mpingo wawo uli ndi malamulo otani, kodi pali mbali ya nkhope imene mkwatibwi amaikonda, kodi mkwati magalasi ake avale kapena avule. Ena amakuuzani za mpata wa m'mano, ena za chipsera, ena za mimba imene yayamba kuoneka. Zimenezo akakuuzani mwakachetechete pasadakhale, pa tsikulo sadzakhala akuzibisa ndi thupi lonse.

Ngati chinkhoswe sichinachitike, pemphani kuti mukajambulenso kumeneko, ngakhale pamtengo wotsika. Chinkhoswe ndi sukulu yabwino kwa inu ndi kwa iwo. Avala zitenje zawo, nsapato n'zomasuka, ndipo pamene ankhoswe akusinthana tambala ndi msoti, akwati amakhala akuseka zenizeni, inu n'kumaphunzira nkhope zawo. Ngati chinadutsa kale, apempheni mphindi 30 madzulo ena mkati mwa sabata, avale zovala wamba, muyende nawo pamalo pamene adzajambulidwe. Musawalipiritse. Phindu lake mudzaliona pa ukwati, chifukwa wodzaima patsogolo pawo sadzakhala mlendo. Mudzaonanso malowo ndi maso anu: mthunzi uli pati nthawi ya masana, ndipo ngati ndi pa hotelo kapena munda wolipiritsa, chilolezo chimatengedwa kwa ndani. Palibe chimene chimaumitsa akwati msanga ngati mlonda kubwera kudzawathamangitsa ali pakati pojambulitsa.

Kenako pitani kwa tcheyamani wa komiti. Izi ambiri amaziopa, koma ndi pamene pagona nkhani. Muuzeni mwaulemu kuti pa pulogalamu mukufuna mphindi 20 za akwati okha, popanda wina aliyense kupatula mtsikana mmodzi wothandiza mkwatibwi. Dongosolo lake likhale lakuti zithunzi za magulu ziyambe: agogo ndi makolo poyamba, pa mipando, kuti asaime nthawi yaitali, kenako ankhoswe, abale, operekeza, a kwaya ndi a kuntchito. Lembani mndandanda, ndipo kuchimuna ndi kuchikazi kukhale munthu mmodzimmodzi wodziwa abale ake woitana mayina, inu musamakuwe nokha. Gulu lililonse likatha, lithokozeni n'kulilozera ku magalimoto. Akatsala awiri, mudzaona nokha mapewa akutsika musananene chilichonse. Wachibale wa foni akakakamira, musakangane naye. Muuzeni kuti, "Akulu, jambulani chanu panopa, akwati ayang'ane kwa inu, kenako mutisiyire kanthawi." Akajambula chake amachoka wosangalala. Mukamulola kuima pambali panu, maso a mkwati adzakhala kwa iye, a mkwatibwi kwa inu, ndipo chithunzicho chatayika.

M'chikwama chanu musamakhale mabatire ndi makhadi okha. Ine ndimanyamula botolo la madzi ozizira ndi kapaipi komwera kuti zopaka pamilomo zisachoke, nthochi zingapo, ndi matishu. Nthochi siidetsa diresi ndipo imabweza mphamvu msanga. Thukuta la pamphumi aziligunda pang'onopang'ono ndi tishu, osapukuta, kuopa kufufuta zodzola. Mkwatibwi muuzeni pasadakhale abweretse masilipasi kapena nsapato zafulati. Pansi pa diresi lalitali palibe adzazione, koma pankhope pake kusiyana kudzaoneka. Munthu amene chala chikumupweteka sangamwetulire ndi maso.

Tsopano dzuwa. Mwati ukwati uli mu Okutobala, ndipo chakumapeto kwa mwezi umenewu ku Lilongwe dzuwa la masana limakhala paliwombo penipeni. Kuwala kochokera pamwamba kumaika mdima m'maenje a maso ndi pansi pa mphuno, ndipo munthu amatsinzina, mphumi n'kuchita makwinya. Zithunzi zambiri zimene anthu amati akwati akuoneka okwiya, sikuti anakwiya, dzuwa linkawathobwa m'maso. Alowetseni pamthunzi wokwanira: pakhonde la tchalitchi, pambali pa khoma, pansi pa mtengo wa mango wa masamba othithikana. Aimikeni chakumphepete kwa mthunziwo, nkhope zitaloza kumene kukuchokera kuwala. Majakaranda amakhala atachita maluwa nthawi imeneyi ndipo aliyense amafuna kujambulitsa pansi pake, koma samalani, mthunzi wake ndi wa mawangamawanga, umagwetsa timadontho ta dzuwa pamphuno ndi pamasaya. Ndi bwino mtengowo ukhale kumbuyo kwawo patali, iwo ali pamthunzi wina. Mthunzi ukasoweratu, dzuwa likhale kumsana kwawo, ndipo wina agwire chowalitsira choyera patsogolo, ngakhale nsalu yoyera ya pabedi imagwira ntchito. Chowalitsira chasiliva padzuwa la Okutobala musachiyerekeze, chimalasa m'maso.

Palinso vuto lathu la khungu lakuda pambali pa diresi loyera mbee. Kamera mukaisiya kuti iganize yokha, ikaona kuyera kwa diresi imachepetsa kuwala, nkhope n'kuda bii. Ikaona suti yakuda imawonjezera, diresi n'kupsa osaonekanso ulusi. Jambulani RAW (mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene kamera yaona, kuti mudzakonze bwino pa kompyuta), tetezani diresi lisapse, ndipo nkhope muzidzutse ndi chowalitsira kapena fulashi yochepa kwambiri. Koma chofunika pa nkhani yathu ya kumasukayi ndi chakuti zonsezi muzikonze akwati asanaime. Tengani besitimani ndi mtsikana mmodzi, aimikeni pamalopo pamene akwati akumwa madzi, yesani mpaka zikhale bwino. Liwiro la shata (kanthawi kamene kamera imatsegula kuti kuwala kulowe) lisatsike 1/250 ya sekondi, ndipo akamayenda likwezeni kufika 1/500. Anthu awiri ajambuleni pa f/2.8 kapena f/4 (manambala a kukula kwa bowo la lenzi), pa f/1.8 mmodzi akangosuntha pang'ono amatuluka mbuu. Magulu akufuna f/5.6 mpaka f/8. Ndikunena izi chifukwa wojambula akakhala chete n'kumapotokola mabatani, nkhope itakwinyika poyang'ana kumbuyo kwa kamera, mkwatibwi saganiza kuti vuto ndi kuwala. Amaganiza kuti vuto ndi nkhope yake. Ngakhale chithunzi chitaipa chotani, nkhope yanu isasinthe; nenani kuti "zili bwino, tiyeni tisunthire apa," n'kukonza mukuyenda.

Imani patali. Ngati kamera yanu ndi ija imabwera ndi 18-55mm, ndiye kuti 50mm pa iyo imaona ngati 75mm kapena 80mm, zimene ndi zabwino kwambiri pa nkhope za anthu. Mamita atatu kapena anayi akukwana. Lenzi ya 18mm mukaiyandikitsa pankhope imakulitsa mphuno ndi mphumi, ndipo chimenecho chokha chingachititse munthu kunena kuti sakudziona. Kutalikirako kuli ndi phindu linanso: akwati amatha kunong'onezana inu osamva, ndipo akadziwa kuti simukumva amayamba kulankhula zawo.

Akaima, musayambe ndi kuwauza kuti ayang'ane kamera. Apatseni chochita. Munthu woima chabe sadziwa koika manja, ndipo maganizo ake onse amapita pa mmene akuonekera. Ine ndimayamba ndi kuyenda: "Gwiranani manja, yendani pang'onopang'ono kubwera kuno, muziyang'anana, ine musandisamale." Ndimawauziratu kuti zithunzi khumi zoyamba ndi zoyesera kuwala, sizipita kulikonse, ndipo nthawi zambiri chabwino chimodzi chimatuluka momwemo. Kenako mkwatibwi akonze tayi ya mwamuna wake. Mkwati agwire velo mphepo isaliulutse, kapena amuthandize kukweza diresi potsika masitepe a khonde. Auzeni avine pang'ono sitepe imene akhala akuyeserera masabata onsewa, popanda nyimbo. Mmodzi amalakwitsa ndithu, ndipo kuseka kumene kumabwerapo simungakugule. Apa ndi pamene zija munamva tsiku lokumana zimagwira ntchito. Ngati anakuuzani kuti mkwati akalakwa amapepesa pomutchula mkazi wake ndi mfunda, muuzeni kuti, "Tamuitanani Nabanda wanuyo mmene mumamuitanira mukachedwa kubwera." Ngati anakumana mu minibasi, mufunseni mkwatibwi kuti mnyamatayu anavala malaya otani tsikulo, ndipo ayankhe akuyang'ana mwamuna wake.

Za kusekerera, pali chifukwa chake chimene mano okha sakhutiritsa. Dokotala wina wa ku France, Duchenne, anasonyeza kale mu 1862 kuti kumwetulira kochokera mumtima kumagwiritsa minofu ya pakamwa pamodzi ndi yozungulira maso, pamene kochita kulamulidwa kumathera pakamwa. Minofu ya m'maso ija iye ankati munthu sangaiyendetse mwa kufuna. Ndiye mukati "sekani," mwapempha chinthu chimene munthu amavutika kukupatsani ngakhale atafunitsitsa. Kuwerenga kuti wani, thu, fili nakonso kusiyeni, chifukwa pofika pa fili munthu wagwira mpweya ndipo maso watong'ola. M'malo mwake auzeni akoke mpweya wambiri n'kuutulutsa pakamwa, ndipo jambulani pamene ukutha. Akaseka kwambiri, chala chisachoke pa batani, pakuti chithunzi chenicheni chimabwera kuseka kukamatsika, pamene pakamwa patsekeka koma maso akadali owala. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Achinyamata ambiri amatsitsa kamera nthawi yomweyo kuti aone zimene ajambula, ndipo mphindi yabwinoyo imawadutsa akuyang'ana pansi.

Komanso si aliyense ayenera kuseka. Pali amuna ofatsa amene chikhalire saseka pagulu, ndipo mukawakakamiza mudzajambula munthu amene mkazi wake samudziwa. Wotereyo muuzeni angoyang'ana mkazi wake, basi. Chimodzimodzi manyazi a mkwatibwi: musalimbane nawo ngati matenda. Mtsikana woyang'ana pansi pa maluwa ake, kamwetulira kakubisala pakona ya milomo, ndi iyeyo weniweni, ndipo amayi ake chithunzi chimenecho ndi chimene adzapachike pabalaza. Chimene mukuchotsa ndi mantha, ulemu wake musiyireni. Mukafuna maso ake, muuzeni ayang'ane pansi kaye, kenako mumutchule dzina modekha. Pamene akudzutsa maso, jambulani.

Kaimidwe sindikutayirani nthawi yambiri, chifukwa ndi zinthu zochepa. Asaime chamaso ngati pa chiphaso, atembenukire kwa wina ndi mnzake pang'ono, thupi litatsamira mwendo wakumbuyo. Mikono isamatirire kunthiti. Maluwa akhale pamchombo, chifukwa wamantha amawakweza mpaka kukhosi. Chibwano chipite patsogolo pang'ono n'kutsika pang'ono. Mkwati achotse foni, makiyi ndi chikwama m'matumba a buluku, ndipo batani lam'munsi la jekete likhale lomasula. Ngati wina ndi wamtali kwambiri, akhazikeni pansi kapena gwiritsani masitepe. Mpata pakati pa matupi awo utsekeke, pakuti kampata kakang'ono pa chithunzi kamaoneka ngati akwiyirana. Zonsezi asonyezeni ndi thupi lanu, imani mmene mukufuna aimire, iwo atengere. Mawu akuti kumanja ndi kumanzere amasokoneza, popeza kumanja kwanu ndi kumanzere kwawo, nenani kuti "yang'anani ku mtengo wa mango uwo." Ndipo mkwatibwi musamugwire. Velo likapindika kapena tsitsi likagwera kumaso, itanani mtsikana womuthandiza uja, kapena mwamuna wake, zimene zimakupatsaninso chithunzi china.

Pakamwa panu pasakhale chete nthawi yaitali, koma samalani zotuluka. Yamikirani chinthu chenicheni: "mmene mwapendekera mutumo, khalani choncho." Nthabwala za kuchipinda zisiyireni ena; zimaseketsa operekeza koma mkwatibwi zimamutsekera m'chigoba. Thupi la munthu musalitchule, zakuti bisani mimba kapena mkono wanu ndi waukulu. Sunthani inuyo kapena musuntheni mwakachetechete. Ndipo pali anzathu ena amene amalangiza kuti mkwati amwe kabotolo kamodzi kuti amasuke. Ine ndimakana. Padzuwa la Okutobala, m'mimba mopanda kanthu, mowa umafiiritsa maso n'kuwonjezera thukuta, ndipo munthuyo akadali ndi maola anayi oti aime ku holo. Mukapeza chithunzi chabwino koyambirira, aonetseni chimodzi chokhacho. Akadziona kuti akuoneka bwino amakukhulupirirani, koma mukamawaonetsa chilichonse amayamba kufufuza zolakwika.

Mphindi 20 zikakwana, asiyeni, ngakhale mutaona kuti mukanapitiriza. Akatopa nkhope zimabwerera mwakale, ndiponso ku holo anthu akudikira. Chimene ndimachita ine ndi kupangana ndi tcheyamani ndi woyendetsa mwambo kuti cha m'ma 5 koloko, keke itadulidwa, andibwereke akwati mphindi 10 panja. Nthawi imeneyo dzuwa lapendeka, kuwala kwafewa, ndipo chachikulu n'chakuti mtolo watsika: malumbiro anatha, anthu anabwera, ndalama zaponyedwa. Zithunzi zimene akwati anga amakulitsa n'kuika m'mafelemu, zambiri ndi za mphindi khumi zimenezi. Musachedwe nazo, chifukwa kuno dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane mwezi umenewu ndipo mdima umagwa msanga.

Tibwerere kwa mkwatibwi amene anati sakudziona. Mawu amenewa ali ndi magwero angapo. Lina ndi lakuti munthu anazolowera nkhope yake ya pagalasi, imene ndi yotembenuka, ndipo ofufuza a ku America anaonetsa mu 1977 kuti anthu amakonda chithunzi chawo chotembenuzidwa ngati cha pagalasi, pamene anzawo amakonda chenicheni. Chimenecho chimatha chokha pakapita masiku. Lina ndi zodzola. Wodzola akasankha mtundu woyererapo kuposa khungu, kapena akathira paudala wambiri, fulashi ikamenya nkhope imatuluka yotuwa, yosiyana ndi khosi ndi mikono. N'chifukwa chake ndimapempha kuti tsiku loyesera zodzola mkwatibwi ajambulidwe ndi fulashi, aone yekha nthawi ikadalipo. Koma gwero lachitatu ndi ifeyo ojambula, ndipo apa ndilankhula mosapsatira. Chizolowezi chosalaza khungu pa kompyuta mpaka kukhala ngati pulasitiki, ndi kuliyeretsa mpaka munthu wakuda bwino kusanduka wofiirira, chikuwononga zithunzi za maukwati athu. Chotsani chiphuphu chimene chatuluka sabata imeneyo, chotsani thukuta lonyezimira, koma mtundu wa khungu, kadontho kobadwa nako ndi mizere ya kuseka zisiyeni. Ana ake akadzatsegula chimbale cha zithunzicho zaka makumi awiri zikubwerazi ayenera kudzawazindikira amayi awo.

Pali kuuma kwina kumene si kwa kamera, ndipo muyenera kukuzindikira. Mkwatibwi akayamba kunena kuti akuona chizungulire, milomo yauma, thukuta lozizira likutuluka, siyani kamera pomwepo. Mukhazikeni pamthunzi, amasulidwe diresi kumsana, amwe madzi, ndipo akakomoka kapena akapanda kupeza bwino msanga, apite kuchipatala. M'gulu la ukwati simulephera kukhala namwino, mufunseni. Nthawi zina nkhope yagwa chifukwa pamalo pa mayi kapena bambo amene anamwalira pakhala wina. Pamenepo musayese kuseketsa. Apatseni kanthawi, ndipo funsani ngati angakonde kujambulitsa atanyamula chithunzi cha malemuwo. Mukaona kuti awiriwo sakulankhulana n'komwe, kapena wina akuchita mantha ndi mnzake, imeneyo si ntchito ya wojambula. Kanong'onezeni ankhoswe, ndiwo eni nkhani. Ndipo mukadzaitanidwa ku ukwati kumene mkwatibwi akuoneka kuti ndi mwana, dziwani kuti malamulo a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Kanani ntchitoyo ndipo kadziwitseni a zachisamaliro cha anthu kapena apolisi.

Kwa inu mwini, ndikulangizani kuti musanafike pa ukwati wa khumi mupeze wojambula amene wakhalitsa pa ntchitoyi, mumupemphe kumunyamulira chikwama Loweruka limodzi kapena awiri. Mukapita musakayang'ane manambala a pa kamera yake, amenewo mukuwadziwa kale. Kamvetsereni mmene amalankhulira ndi agogo, mmene amachotsera gulu popanda wokhumudwa, ndi nthawi imene amakhala chete. Sabata ino pemphani achemwali anu ndi alamu anu, kapena banja lina la ku tchalitchi, muwajambule masana dzuwa lili paliwombo, kuti mawu owauza zochita azolowere pakamwa panu. Ukwati ukakhala waukulu, wa anthu mazana angapo, musapite nokha. Tengani mnzanu wogwira chowalitsira ndi kusonkhanitsa magulu, kuti maso anu akhale pa akwati.

Ndipo mkwatibwi wa mwezi watha uja musamusiye choncho. Muimbireni foni, mumufunse modzichepetsa kuti ndi zithunzi ziti zimene sanadzione, ndipo ndi chiyani kwenikweni, khungu kodi, kaimidwe kapena nkhope. Ngati ndi khungu, bwererani ku mafayilo a RAW mukonzenso. Ngati ndi nkhope youma, apempheni iye ndi mwamuna wake Lamlungu lina madzulo, avale zovala zawo za chinkhoswe, mukawajambule mphindi 30 kwaulere cha m'ma 5 koloko, kopanda gulu. Pano ngongole za ukwati zayamba kuchepa, nsapato zija anavula kalekale, ndipo akhala m'nyumba imodzi mwezi wathunthu. Mukatero mudzakhala mwayeserera zonse ndalembazi ukwati wa Okutobala usanafike, ndipo mundilemberenso mundiuze zimene iye adzanene akadzaona zithunzi zatsopanozo.